Jekete Limene Silinkachapidwa

Mayi anga anandiphunzitsa zinthu zambiri zimene ndinaziiwala ndisanakwere n'komwe ndege, koma kuchapa ndiye kunandikanirira. Kwathu ku Ntcheu ndinkadziwika nako. Malaya oyera a amayi a mpingo akada m'khosi ankabwera kwa ine, ndipo ndinkawabweza ali mbee, eni ake mpaka kukayikira ngati ndi awo. Ndikunena izi poyambirira kuti mudziwe kuti zimene ndinachita ku Wakefield, ku England, sindinazichite chifukwa cha nkhanza kapena ulesi. Chinandipweteketsa ndi luso langa lomwe.

Ndinali nditagwira miyezi inayi m'nyumba ina yosamalira okalamba pamene anandisamutsira ku zipinda za m'mwamba. Chipinda chakumapeto chinali cha madala ena oonda, a ndolo kukhutu limodzi, amene dzanja lawo lamanja linafa ndi sitiroko. Tsiku loyamba ndinagogoda osayankhidwa, chifukwa mkatimo munkamveka ngati munthu akugubuduza migolo padenga la malata. Ndinalowa mothamanga poganiza kuti kabati yawagwera. Ndinawapeza ali phee pa chikuku, atatsinzina, phazi lamanzere likugunda pansi. Anandiuza kuti imeneyo ndi nyimbo, mtundu wake umatchedwa punk metal, ndipo amene akumenya ng'omayo ndi iwowo, zaka zoposa makumi anayi zapitazo. Ndinafunsa ngati woyimbayo anali bwinobwino m'thupi tsiku limene ankajambula, chifukwa kwathu munthu akakuwa choncho timathamangira kukafuna galimoto. Anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ubwenzi wathu unayambira pamenepo.

Tinkalankhula Chingerezi, chawo chija cha kuno chomeza theka la mawu. Zimene ankanena ndikuzilemba m'Chichewa, ndipo zotukwana ndazisefa, apo ayi nkhaniyi ikanatalika kawiri.

Kuseri kwa chitseko chawo kunali jekete. Linali la jinzi, lodula mikono, lodzaza ndi zigamba ndi tizitsulo, ndipo mtundu wake weniweni unali utaiwalika kalekale. Ukalikhudza linkauma gwa ngati chikopa cha mbuzi choyanika padzuwa. Fungo lake linali la thukuta, fodya, mowa ndi mvula zonse zimene zinagwapo kumpoto kwa England. Ine ndikamalowa m'chipindamo ndinkayamba ndapuma kaye mpweya wambiri kunja.

M'mawa uliwonse, ndikamaliza kuwasambitsa ndi kuwameta, ankandiuza kuti ndiwapatse jeketelo. Ankaliyala pamiyendo, kulitembenuza, n'kuyamba kuyendetsa chala pa nsalu yamkati. Nsaluyo inali yodzaza ndi mayina olembedwa pamanja, ena ndi inki yakuda, ena yabuluu, ena opingasa, ena ozondoka. Bandi yawo inali ndi mwambo umodzi wokha umene aliyense ankausunga: wochoka m'bandi, kaya wachoka yekha kaya wathamangitsidwa, ankalemba dzina lake m'jeketemo. Wolowa sankalemba, ankayembekezera tsiku lake lotuluka. Choncho mbiri yonse ya bandiyo inali mmenemo, ndipo madala ankaiwerenga tsiku ndi tsiku monga mmene abusa amawerengera mndandanda uja wa anabala uje, anabala uje. Zina ankaziiwala, monga ngati adya kale kapena ayi, koma wa gitala wachitatu sankamusokoneza ndi wachinayi.

Chala chinkayambira pansi pa kolala nthawi zonse. Pamenepo panali dzina la akazi awo, malemu. Bandi anaiyambitsa anthu anayi m'galaja ya bambo ake a woyimba woyamba: madala pa ng'oma, woyimbayo, wa gitala mmodzi, ndi mtsikana wa gitala ya besi amene jeketelo linali lake. Patapita chaka mtsikanayo anakangana ndi wa ng'oma. Iye ankati wa ng'oma akuthamanga kwambiri, wa ng'oma ankati wa besi akugona. Tsiku lina anavula jekete, n'kutenga cholembera, kulemba dzina lake mkati, kudula mzere pansi pake, n'kuliponya kumaso kwa wa ng'oma uja kuti azikumbukira amene anayamba kuchoka. Anachokadi m'bandimo osabwereranso, koma chaka chotsatira anakwatiwa ndi wa ng'oma yemweyo, ndipo mkangano wa kuthamanga anaupitirizira kunyumba kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Akamafotokoza zimenezi madala ankamwetulira ngati akunena za mphatso.

Kuchoka pa kolala chala chinkatsika. Woyimba woyamba anachoka mawu atamuthera, zimene sizinandidabwitse. Wachiwiri anatembenuka mtima n'kukhala mlaliki ku Middlesbrough, ndipo ameneyu ndiye ndinkamukonda, ngakhale madala ankati anali woyimba woipa kuposa onse. Wa gitala woyamba anapeza ntchito yoyendetsa basi, n'kunena kuti kumeneko amakhala pansi. Panali wa besi wina amene anathamangitsidwa katatu n'kubwezedwa katatu, ndipo dzina lake linalipo katatu, lililonse laling'ono kuposa linzake. Panali apachibale awiri, mkulu ndi mng'ono, amene analowa limodzi, n'kukanganira chingwe cha gitala, n'kuchoka sabata imodzi. Wina analemba kumanzere kwenikweni, wina kumanja kwenikweni, kuti ngakhale mayina asayandikane. Panali mnyamata wina amene anakhala masiku asanu ndi anayi okha, chifukwa mayi ake anabwera kudzamutenga pakati pa nyimbo. Panalinso mkazi wina wa gitala amene madala ankati ndiye anali katswiri kuposa amuna onse, ndipo anachoka chifukwa anatopa kunyamula mabokosi a anzake.

Dzina lomaliza m'gulu la oyambitsa linali lawo, lokhotakhota, lolembedwa ndi dzanja lamanzere ali m'chipatala. Bandi inapitirira popanda iwo, ndipo ikuyimbabe mpaka lero, dzina lomwelo, nyimbo zomwezo, koma mulibe ndi mmodzi yemwe wa m'galaja muja. Ndinawafunsa tsiku lina ngati imeneyo idakali bandi yawo, kapena ndi anthu ena chabe ovala dzina la eni ake. Iwo anandifunsa za kwaya ya kumpingo kwathu, ngati amene anaiyambitsa alipo. Ndinati onse ali kumanda. Anandifunsa ngati tsono tinaisintha dzina. Ndinayamba kukonza bedi limene ndinali nditakonza kale.

Jeketelo anzawo anawasiyira iwo kuti azisunga, choncho aliyense wochoka ankayenera kubwera kunyumba ya okalamba kudzalemba. Lolemba lina madala anandiuza mosangalala kuti Loweruka kubwera mlendo. Wa besi amene anakhala m'bandimo zaka khumi ndi ziwiri ankachoka, ndipo ankabwera kudzasaina.

Mawu akuti mlendo ndi amene anandilowa m'mutu. Kwathu mlendo akamabwera timasesa mpaka kuseri kwa nyumba kumene sadzafikako. Timatulutsa makapu a m'kabati, timachapa nsalu ya patebulo, ana timawadzoza mafuta mpaka kunyezimira. Ndiye ine ndilole munthu achoke kutali, alowe m'chipinda chimene ndimasamalira ine, apatsidwe chinthu chonunkha chotere m'manja? Akakafika kwawo akanena kuti madala aja amawasamalira ndani? Ndinkadziwa bwino kuti madala amanyadira zoti jekete silinachapidwepo, chifukwa ankanena kawirikawiri. Koma amuna onyadira litsiro ndinawaonapo ambiri, achimwene anga akutsogolera, ndipo onse ukawachapira amavala n'kumayenda monyang'wa. Ndinkati ndi wamasiye, alibe wowachapira, ndipo manyazi awasandutsa nthabwala. Za inki sindinade nkhawa. Ndinaganiza kuti chinthu chimene chapirira thukuta zaka makumi anayi sichingaope sopo.

Lachinayi madala anapita kuchipatala kukaonetsa maso, ulendo wa tsiku lonse. Ine nthawi yopuma itakwana ndinatenga jekete n'kutsika nalo kuchipinda chochapira. M'makina sindinaliponye, chifukwa makina ndi a zovala wamba. Ndinali ndi sopo wanga wamtanda amene ndinabwera naye kuchokera kumudzi, amene ndinkamusunga m'chikwama ngati mankhwala. Ndinaliviika m'madzi otentha. Madzi oyamba anada bii, achiwiri chimodzimodzi, achitatu anaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinatikita, ndinafinya, ndinathirako ndi timankhwala toyeretsera, ndipo ndikuvomereza kuti ndinkayimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. M'thumba lina ndinapezamo tikiti ya basi yofufuma ndi dzino la munthu. Ndinaumitsa, kusita, ndipo jekete linatuluka labuluu. Ndinaimirira n'kumaliyang'ana ngati mwana wanga wapambana mayeso.

Mnzanga wa ku Zambia, amene tinkagwira shifiti imodzi, analowa atanyamula nsalu za pabedi zakuda. Anayang'ana jekete, anayang'ana ine, n'kuika mtolo wake pansi pang'onopang'ono.

"Ba sister, mwachita chani imwe? Ija jacket sibachapa."

"Ndiye chifukwa chake ndachapa," ndinatero. "Saturday kubwera visitor."

Anangolitenga n'kulitembenuza. Nsalu yamkati inali yoyera, yokongola, ndipo apo ndi apo panali timitambo totuwa pamene panali mayina. Oyimba onse, a gitala onse, wa besi wa katatu uja, apachibale odana aja, onse anali atapita limodzi m'paipi ya madzi oipa. Ndinayang'ana pansi pa kolala. Panalibe kanthu. Ndinakhala pa dengu la matawulo.

Mnzangayo anati tinene kuti linalowa m'makina mwangozi pamodzi ndi zofunda, chifukwa zotere zimachitika ndipo palibe amachotsedwa nazo ntchito. Ankandifunira zabwino, chifukwa tonse tinkadziwa kuti mapepala athu okhalira kuno amangiriridwa ku ntchito. Koma jekete losita bwino choncho, lokhala ndi mzere kumsana, likanati lalowa m'makina mwangozi ndani akanakhulupirira? Ngakhale bodza langa likanagwidwa ndi luso langa lomwe. Ndinapita kwa a manejala n'kudziulula. Analemba lipoti, anandichenjeza, ndipo anandiuza kuti madala ndikawauze ndekha.

Madala anali munthu wotukwana phala likazizira, wotukwana nkhunda zapawindo, wotukwana wailesi ikanena za mvula. Ndinakonzeka kulandira zonsezo, ndipo ndinkazifuna. Atabwera kuchipatala ndinagwada pafupi ndi chikuku chawo, chinthu chimene anali atandiletsa kangapo, n'kuwapatsa jekete. Analinunkhiza kaye. Analitembenuza ndi dzanja limodzi lija, chala chinapita pansi pa kolala, n'kuima pamenepo. Ndinawauza zonse. Sanatukwane.

"Ndi iyenso wapita?" anafunsa.

"Eya, bambo. Onse."

"Chabwino. Tseka chitseko ukamatuluka."

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo wanga, koma a tsiku limenelo anali amtundu wina. Mayi uja, akazi a madala, anali atamwalira zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Makalata ake ndi zithunzi zambiri zinatayika pamene nyumba yawo inkagulitsidwa, ndipo cholembedwa ndi dzanja lake chimene madala anatsala nacho chinali dzina lija basi. Ine ndinalichotsa ndi sopo wa ku Ntcheu ndikuyimba nyimbo yotamanda Mulungu.

Lachisanu sanaitanitse jekete. Sanayatse nyimbo. Phala anadya osalitukwana, masipuni atatu, n'kukankha mbale. Anthu a zipinda zoyandikana anayamikira kuti kuli bata, koma ine bata limenelo linkandilasa mumtima. Ndinawasambitsa, kuwameta, ndipo anandithokoza mwaulemu ngati munthu wachilendo.

Loweruka masana mlendo anafika. Anali chimunthu chodzaza chitseko, ndevu zoluka ngati tsitsi la mtsikana, mikono yonse yojambulajambula zigaza. Ndinati lero ndiye ndifera kuno, mtembo wanga ukavutitse abale ndi ndege. Koma anavula nsapato pakhomo popanda womuuza, ndipo anabwera ndi keke yophika yekha. Ankachoka m'bandi chifukwa maondo anali atayamba kukana, komanso mwana wake anali atabereka mapasa. Madala anamupatsa jekete. Iye analiyang'ana kunja, n'kufunsa ngati agula latsopano. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira khoma, misozi ili chuchuchu m'ndevu. Anati jeketelo linapulumuka moto wa m'galimoto, linapulumuka apolisi, linagwerapo mumtsinje, koma lakumana ndi mayi mmodzi wa ku Malawi kwa ola limodzi. Kenaka anayang'ana nkhope ya madala, ndipo kuseka kunatha.

Anakhala pabedi n'kutulutsa foni. Anati amene ali moyo angathe kudzalembanso, ndipo iye awaimbira onse, ngakhale amene sanalankhulane nawo zaka khumi. Madala anati n'zopanda ntchito, chifukwa dzina lililonse linali ndi malo ake, ndipo popanda mayinawo iwo sangakumbukire kuti ndani anali pati. Apa ndi pamene ndinatsegula pakamwa, ndili pakona ndi thireyi ya tiyi. Ndinati woyimba woyamba anali pansi pa phewa lamanzere. Mlaliki anali pafupi ndi thumba lamkati. Wa basi anali chozondoka m'munsi, pamene pali msoko. Wa masiku asanu ndi anayi anali kukhwapa. Ndinapitiriza mpaka kumapeto, osalumpha ndi mmodzi yemwe, chifukwa miyezi yonse ija ndinkamva mndandandawo n'kumaona poyenda chala chawo ndikupinda matawulo, ndipo unandilowa osafuna ngati nyimbo ya pawailesi. Madala anandiyang'ana koyamba chichitikireni ngoziyo. Anati ndalakwitsa malo amodzi, wa basi anali kumanja kwa msoko osati kumanzere, ndipo anawonjezera kamawu kamodzi kotukwana. Sindinasangalalepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo.

Miyezi iwiri yotsatira nyumba yathu ya okalamba inaona zinthu. Ankabwera mmodzimmodzi, ena pa sitima kuchokera ku Leeds, ena pa njinga zamoto zimene zinkadzutsa agogo onse a pansi. Ambiri anali atachita dazi ndi mimba, ndipo pafupifupi onse anali ogontha khutu limodzi, moti kucheza kwawo kunkamveka mpaka kukhitchini. Ine ndinasanduka kalaliki wa bandi. Ndinkayala jekete patebulo, kuloza malo, munthu n'kulemba. Wa katatu uja anafuna kulemba kamodzi kokha, ati zakale zinapita, koma ndinamuuza kuti katatu, ndipo chilichonse chichepe kuposa chinzake. Mlaliki anabwera atavala tayi, tinapemphera limodzi pakhonde, kenaka analowa n'kukangana ndi madala kwa ola lathunthu za nyimbo ina imene ankati anaipeka ndi iye. Wa masiku asanu ndi anayi anali atakhala mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo anabwera ndi cholembera chakechake. Apachibale aja ndinawapatsa masiku osiyana, koma wina anasokoneza, n'kukumana pamakwerero. Analemba wina kumanzere wina kumanja monga kale, osayang'anana, koma pochoka ndinawaona pawindo akukwera galimoto imodzi.

Mkazi wa gitala uja atabwera anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti iye analakalaka kulichapa jeketelo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kungoti analibe mtima wolimba ngati wanga. Ndinamuuza kuti asandinamize, si kulimba mtima kumeneko.

Madala anayambanso kuyatsa nyimbo, ndipo oyandikana nawo anayambanso kudandaula. Koma anayi mwa anthu a m'jeketemo anali atamwalira, ndipo malo awo anakhala oyera. Atatu madala anati asiyidwe choncho, chifukwa ngakhale ali moyo sankafika pa nthawi yake. Za malo a pansi pa kolala sankanena kanthu. M'mawa chala chinkapitabe pamenepo, n'kuima pang'ono, kenaka n'kutsika osatchula dzina. Anthu onse ankati nkhani yatha bwino, a manejala mpaka anajambula zithunzi, koma ine ndinkaona chala chija tsiku ndi tsiku ndipo ndinkadziwa kuti sinathe.

Tsiku lina kunja kunawala dzuwa, zimene ku Wakefield ndi nkhani yoti anthu auzane. Ndinkapachika jekete kuseri kwa chitseko pamene kuwala kwa pawindo kunagwera pa kolala chammbali. Ndinaona timizere. Inki inalibe, koma nsalu inali yokandika, ulusi wake utaphwanyika motsatira zilembo. Ndinabwereka galasi lokulitsira zinthu kwa agogo ena okonda nyuzi, n'kuyang'ananso. Dzina lonse linalipo. Ena onse analemba mwaulemu ndipo sopo anawatenga, koma mayi uja analemba atakwiya, anakanikiza cholembera ngati akufuna kuboola, ndipo pamapeto pa mzere wapansi uja anaboolapodi kabowo. Mkwiyo wa mayi amene sindinamuonepo ndi umene unandipulumutsa.

Ulendo uno ndinapempha kaye. Ndinawauza madala zimene ndaona, n'kunena kuti kupeta ndimakutha, tinkapeta nsalu za paguwa kumpingo kwathu, ndipo ndingathe kutsatira timizereto ndi singano. Anakana. Anati manja anga alichitira kale zokwanira jeketelo. Ndinati chabwino, ndipo sindinabwerezenso. Patapita masiku atatu, ndikuwameta, analankhula thovu lili kukamwa.

"Ukalikongoletsa dzinalo ndikuthamangitsa. Ankalemba moipa. Lisiye loipa."

Imeneyo ndiyo inali ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndagwirapo kuno. Dzanja langa linaphunzira kuwongola, ndipo apa linkayenera kukhota pamene mayiyo anakhota, kudumpha pamene cholembera chinadumpha. Ndinapeta masiku asanu, nthawi yopuma masana, pawindo la chipinda chawo, iwo akundilondera ngati ndingabe. Ndinagwiritsa ulusi wakuda wopota kawiri. Chilembo chachitatu chinali chogwa chagada, ndipo mtima unkandiwawa kuchisiya choncho, koma ndinachisiya. Kabowo kaja sindinakasoke.

Nditamaliza ndinawayalira pamiyendo. Chala chinapita pansi pa kolala, n'kupeza ulusi, n'kudzidzimuka pang'ono. Chinayenda pa chilembo choyamba, chachiwiri, mpaka pa mzere wapansi, n'kukalowa m'kabowo. Chinabwerera n'kuyambiranso. Anachita zimenezi kanayi, ine nditaima ndi singano m'manja osadziwa koyang'ana.

"Zaka ziwiri tsopano sindimaliona dzinali," anatero. "Maso anatha. Ndinkangodziwa kuti lili pamenepa."

Iwo anatchula dzina la akazi awo mokweza, kenaka chala chinatsikira kwa woyimba woyamba, ndipo mndandanda unayenda mpaka kumapeto monga kale. Atamaliza anadandaula kuti jekete likununkhirabe ngati maluwa, ndipo zitenga zaka makumi anayi zina kuti likhalenso bwino.

Ndinakhala nawo chaka china ndi theka. M'nyumba zosamalira okalamba antchito timasinthana kuposa a m'bandi. Mnzanga wa ku Zambia anapita kukagwira kuchipatala, a manejala anasintha kawiri, ndipo nanenso nthawi yanga inakwana. Ndinapeza ntchito ku Bolton, kufupi ndi mchemwali wanga ndi ana ake amene ndikawalankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi. Ndinazengereza kuwauza madala mpaka sabata yomaliza. Anangoti amva, n'kufunsa ngati ku Bolton kuli zovala zokwanira kuti ndiziwononga.

Tsiku lomaliza ndinawasambitsa, kuwameta, kuwapatsa jekete monga mwa masiku onse. Linali litayamba kale kubwerera mwakale. Kutsogolo kunali banga la tiyi, pathumba panali phala louma, ndipo manja anga ankayabwa ndikaliona, koma ndinali nditaphunzira kuwaika kumbuyo. Anawerenga mndandanda wonse. Atafika kumapeto sanandibwezere jekete kuti ndikapachike. Anapisa m'mbali mwa chikuku n'kutulutsa cholembera.

Ndinawauza kuti ine sindinayimbepo m'bandi yawo, ngakhale nyimbo zake sindinazikonde ndi tsiku limodzi lomwe. Anati theka la anthu a m'jeketemo sankatha kuyimba, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anaiwononga bandi ngati mmene ndinachitira ine, kapena kuisonkhanitsa ngati mmene ndinachitira ine.

"Wochoka amalemba," anatero. "Lamulo ndi lomwelo."

Ndinafunsa kuti ndilembe pati. Anayendetsa chala kuchoka pa ulusi uja, n'kutsika pang'ono, n'kugogoda pamalo oyera pansi pa kabowo, pamene panalibe amene analembapo chiyambire. Ndinagwada, ndipo ulendo uno sanandiletse. Ndinayala nsaluyo pa bondo lawo n'kuyamba chilembo choyamba bwinobwino, monga anatiphunzitsira kusukulu.

"Kanikiza," anatero madala. "Sudziwa amene adzabwere pambuyo pako ndi sopo."

Ndinakanikiza mpaka cholembera chinaboola nsalu.